Mbiri ya Mwambo Wobwera ndi Vinyo ku Lesitilanti

Mwambo wopita kukadya ku lesitilanti utanyamula botolo lako la vinyo, umene m'mayiko olankhula Chingerezi umadziwika ndi zilembo za BYO, unayamba chifukwa cha malamulo okhwima ogulitsira mowa. Kumene boma linkaumira ziphaso zogulitsira mowa, eni malo odyera ankangogulitsa chakudya, chakumwa n'kusiyira kasitomala kuti abwere nacho yekha.

Kumene mwambowu unazika mizu kwambiri ndi ku Australia. Kuyambira mu 1916, mabala a m'zigawo za Victoria ndi New South Wales ankatsekedwa 6 koloko madzulo, ndipo ziphaso zambiri za mowa zinali m'manja mwa eni mahotela. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, anthu ambiri ochokera ku Italy ndi ku Greece anasamukira ku Melbourne n'kutsegula timalo todyera m'madera ngati Carlton. Kwa iwo vinyo anali mbali ya chakudya, moti ena ankamuthira mobisa m'makapu a khofi poopa apolisi. Lamulo la 6 koloko linatha mu 1966 ku Victoria, koma chiphaso chogulitsira mowa mu lesitilanti chinali chodulabe ndiponso chovuta kupeza. Chilolezo choti makasitomala azibwera ndi vinyo wawo chinali chotchipa, choncho m'zaka za m'ma 1970 malesitilanti otere anachuluka mumzindawo. Dziko la New Zealand linayambitsa chilolezo chofanana nacho mu 1976.

Ku Victoria zinthu zinasintha pambuyo pa lipoti la katswiri wa zachuma John Nieuwenhuysen la mu 1986. Lamulo latsopano la mu 1987 linafewetsa kapezedwe ka ziphaso, ndipo malesitilanti ambiri anayamba kugulitsa okha vinyo. Mwambowu unachepa mphamvu koma sunafe, pakuti anthu anali atauzolowera.

Ku United States, boma linaletsa kugulitsa mowa kuyambira 1920 mpaka 1933. Chiletsocho chitachotsedwa, chigawo chilichonse chinadziikira malamulo ake. New Jersey ndi Pennsylvania anaika malire pa ziphaso potengera kuchuluka kwa anthu, ndipo masiku ano muyezo wake ndi chiphaso chimodzi pa anthu 3,000. Chifukwa cha kusowa kwake, ziphasozi zimagulitsidwa pamtengo wokwera kwambiri, moti wophika amene akungoyamba kumene bizinesi sangazikwanitse. N'chifukwa chake mzinda wa Philadelphia ku Pennsylvania uli ndi malesitilanti ang'onoang'ono ambiri osagulitsa mowa. Ku New Jersey malo otere amaloledwa kulandira vinyo ndi mowa wa chimera basi, ndipo saloledwa kulipiritsa kasitomala chifukwa chobwera nazo.

Ku Canada mwambowu unatchuka ku Montreal, makamaka m'malesitilanti a Agiriki a m'misewu ya Prince-Arthur ndi Duluth. Chigawo cha Ontario chinauvomereza mu 2005, ndipo British Columbia anatsatira mu 2012. Ku Britain nako chipembedzo chinathandizira. Eni malesitilanti ena a zakudya zachimwenye ndi Asilamu amene makolo awo anachokera ku Pakistan kapena ku Bangladesh, ndipo safuna kugulitsa mowa, koma ambiri amalola alendo kubwera nawo, monga zimachitikira ku Birmingham.

Malesitilanti amene ali ndi chiphaso amadalira kwambiri phindu la zakumwa, poti vinyo amamugulitsa kuwirikiza kawiri kapena katatu mtengo wa m'sitolo. Pofuna kuti asaluze, amalipiritsa ndalama yotchedwa corkage pa botolo lililonse limene kasitomala wabwera nalo. Ndalamayi imalipira ntchito ya woperekera zakudya amene amatsegula botolo ndi kuthira vinyo, komanso kutsuka matambula. Ena amaika malire a mabotolo patebulo limodzi, kapena amakana vinyo amene nawonso akugulitsa.

M'zaka zaposachedwapa mwambowu wakulanso, koma tsopano chimene chikuukankha kwambiri ndi mtengo. Zinthu zikakwera, anthu amachepetsa kumwa kumalo odyera, ndiye malesitilanti ena amachotsa corkage pamasiku amene malonda sayenda bwino, monga Lolemba, kuti akope makasitomala. Ku Hong Kong, boma litachotsa msonkho wa vinyo mu 2008, anthu osunga vinyo wamtengo wapatali kunyumba anachuluka, ndipo ambiri amapita naye ku lesitilanti. Motero mwambo umene unayambira m'timalo topanda chiphaso ukupezeka lero ngakhale m'malesitilanti apamwamba.