Miyendo yodumphira ya masipuling'i: zofunika kudziwa kwa oyamba kuphunzira

Miyendo yodumphira ya masipuling'i, yomwe pa Chingerezi imatchedwa jumping stilts, ndi zipangizo zamasewero zomwe munthu amamangirira ku miyendo yake kuti athe kuyenda, kuthamanga ndi kudumpha kuposa momwe angachitire ndi mapazi ake okha. Munthu wozolowera amatha kudumpha m'mwamba mita 1 mpaka mamita 1.5 komanso kuthamanga liwiro la makilomita pafupifupi 30 pa ola.

Anthu ambiri amene ayamba masewerowa sachedwa kudziwa kuyenda, koma kudumpha kumawavuta. Nthawi zambiri vuto silikhala kuchepa mphamvu ayi. Chimachitika n'chakuti thupi la munthu lidazolowera kupinda mawondo potera pansi, ndipo chizolowezi chimenechi chimalanda ntchito ya sipuling'i. Choncho kudumpha mosaopa kumabwera pamene wophunzira wadziwa kuima, kuyenda ndi kugwa bwino, kenaka n'kuphunzira kuisiyira sipuling'i ntchito yake.

Chiyambi chake

Amene adapanga miyendo yamtunduwu ndi Alexander Böck wa ku Germany, ndipo m'chaka cha 2004 adalandira chiphaso cha umwini wa luso lakeli m'dziko la United States. Miyendo yake idayamba kugulitsidwa ndi dzina loti Powerskip, ndipo pambuyo pake makampani ena adatulutsa yawo monga Poweriser ndi Pro-Jump. Masewerowa amatchedwanso powerbocking kuchokera ku dzina la Böck.

Anthu ambiri padziko lapansi adaiona miyendoyi m'chaka cha 2008 pa mwambo wotsekera mpikisano wa Olympics mumzinda wa Beijing m'dziko la China, pomwe ena mwa ochita zionetsero adaivala.

Kapangidwe kake

Mwendo uliwonse uli ndi chimango cha aluminiyamu, popondera phazi, malamba omangira nsapato ndi chogwira mwendo m'munsi mwa bondo. Kumbuyo kwake kuli sipuling'i yopindika ngati uta, yopangidwa ndi fibreglass, yomwe ndi ulusi wagalasi woumbidwa pamodzi ndi zomatira zolimba. Sipuling'iyi imayambira kumbuyo kwa bondo n'kukathera pansi pa phazi, pomwe pali kachiboda ka labala komwe kamagunda pansi.

Mwendo umodzi wa munthu wamkulu umalemera makilogalamu pafupifupi 4, ndipo umamukweza munthu masentimita 40 kapena kuposerapo pang'ono. Izi zikutanthauza kuti munthu wotalika masentimita 170 akaivala, mutu wake umakhala pamtunda woposa mamita 2 kuchokera pansi asanadumphe n'komwe.

Pali zinthu ziwiri zomwe zimasiyanitsa miyendoyi ndi phazi la munthu. Choyamba, kakolo sagwira ntchito chifukwa phazi ndi msongolo zimamangidwa pa chimango chimodzi. Chachiwiri, kachiboda kaja n'kakang'ono kwambiri poyerekeza ndi phazi. Pa zifukwa ziwirizi, munthu sangaime chilili malo amodzi kwa nthawi yaitali osagwira kanthu. Amayenera kumapondaponda pang'ono kuti asagwe.

Momwe sipuling'i imagwirira ntchito

Sipuling'i siipanga mphamvu yakeyake. Imasunga mphamvu yomwe yapatsidwa poipinda, n'kuibweza poongoka. Katswiri wa sayansi wa ku England, Robert Hooke, adafotokoza m'chaka cha 1678 kuti kupindika kwa sipuling'i kumakula molingana ndi mphamvu yomwe yaikankha. Nyama ya kangaroo ya ku Australia imadumpha mwanjira yofananayo, pakuti mitsempha ya m'miyendo yake yakumbuyo imasunga mphamvu ikatera pansi n'kuibweza ikamanyamuka.

Munthu akadumpha ndi mapazi ake, amapinda mawondo potera kuti minofu ya m'ntchafu ilandire kugundako. Akachita chimodzimodzi atavala miyendo yodumphira, minofu ndiyo imameza mphamvu yomwe ikadapita ku sipuling'i. Zotsatira zake n'zakuti sipuling'i imapindika pang'ono chabe, munthuyo sanyamuka, ndipo ntchafu zimatopa msanga. Ichi n'chifukwa chake oyamba kumene ambiri amaganiza kuti sipuling'i zawo n'zolimba kwambiri pamene vuto lili pa kateredwe kawo.

Kusankha miyendo ndi zodzitetezera

Masipuling'i amapangidwa motsata kulemera kwa munthu, mwachitsanzo makilogalamu 50 mpaka 70 kapena 70 mpaka 90. Munthu wopepuka akavala yolimba sangathe kuipinda. Wolemera akavala yofewa amaipinda mpaka popondera phazi pagunda m'munsi, zomwe zimapweteka mawondo ndi msana komanso zimafupikitsa moyo wa sipuling'iyo. N'kofunika kukwera pa sikelo musanagule, ndipo ana ali ndi miyendo yawoyawo yaing'ono.

Zodzitetezera zofunika ndi zinayi: chipewa cholimba choteteza mutu, zoteteza mfundo za manja, zoteteza mawondo ndi zoteteza zigongono. Zamtundu womwe amavala ochita masewero a skateboard zimakwanira. Nsapato zikhale zotseka phazi lonse, zamalamba kapena zazingwe ndiponso zapansi polimba. Pata pata ndi nsapato zosamanga sizoyenera.

Amayi oyembekezera ndi anthu amene ali ndi vuto la mtima, msana, mawondo kapena chizungulire ayenera kuyamba aonana ndi dokotala. Munthu amene wamwa mowa sayenera kuvala miyendoyi.

Malo ophunzirira

Malo abwino ndi osalala, ouma, olimba komanso opanda chitunda, monga bwalo la simenti la mpira wamanja kapena holo yomwe denga lake lili patali. Labala amaterereka pa simenti yonyowa, pa matailosi opukutidwa ndi polishi, pa mchenga wothothoka ndi pa timiyala. Udzu waufupi wa pa nthaka yolimba umachepetsa ululu munthu akagwa m'masiku oyamba, koma udzu wautali umabisa maenje, ndipo nthaka yofewa imameza mphamvu ya sipuling'i.

Wophunzira ayang'anenso zakumwamba, monga nthambi za mitengo, zingwe zoyanikira zovala, mawaya ndi mafelemu a zitseko. Msewu wodutsa galimoto ndi njinga si malo ophunzirira.

Kuima ndi kuyenda

Povala miyendoyi, munthu akhale pamalo okwera monga tebulo lolimba kapena kampanda ka njerwa, chifukwa n'kovuta kudzuka kuchokera pa mpando wamba. Chidendene chifike kumbuyo kwenikweni kwa popondera, malamba amangidwe molimba, ndipo zomangira zake zikhale kunja kuti zisakolane poyenda. Chogwira mwendo chikhale m'munsi pang'ono mwa bondo ndipo chisagwedere.

Tsiku loyamba pamafunika mthandizi wamphamvu woima kutsogolo kapena pambali, yemwe wophunzira angagwire mapewa kapena manja ake. Wophunzira aime mowongoka, mapazi atatalikirana molingana ndi mapewa, ndipo ayambe kupondaponda pamalo amodzi monga amachitira asilikali pa perete. Maso ayang'ane kutsogolo mamita angapo. Munthu akaweramitsa mutu kuti aone mapazi, thupi lonse limatsatira mutuwo ndipo amagwa chamutu.

Poyenda, bondo linyamuke m'mwamba kuposa masiku onse kuti kachiboda kasakhule pansi. Masitepe akhale aafupi, ndipo miyendo isayandikane kwambiri chifukwa masipuling'i akagundana kumbuyo munthu amapunthwa. Pokhota, ndi bwino kutembenuka pang'onopang'ono ndi timasitepe tambiri kusiyana ndi kupotoza thupi phazi lili pansi.

Wophunzira sayenera kuyamba kudumpha asanathe kuyenda yekha, kukhota mbali zonse ziwiri, kubwerera m'mbuyo masitepe angapo ndi kuima pamene wafuna. Mphindi 15 kapena 20 n'zokwanira pa ulendo umodzi m'masiku oyamba, poti kutopa ndiko kumabweretsa ngozi zambiri.

Kugwa ndi kudzuka

Palibe amene amaphunzira masewerowa osagwapo. Mantha amachepa pamene munthu waphunzira dala kagwedwe koyenera pa udzu kapena pa matiresi, mthandizi ali pomwepo.

Kugwa chakutsogolo n'kwabwino kusiyana ndi kugwa chagada. Munthu akaona kuti akupita pansi, apinde mawondo kuti atsike, atere pa zoteteza mawondo, kenaka pa mikono yopindika. Kutchinjiriza ndi manja owongoka ndiko kumathyola mafupa a pamfundo ya dzanja. Akagwa chagada, chibwano chigunde pachifuwa kuti nkhongo isamenye pansi.

Podzuka, munthu agwade, aponye mwendo umodzi kutsogolo kuti kachiboda kaponde pansi, atsamire pa bondo lakutsogololo n'kudzikankha m'mwamba atagwira mthandizi, chipupa kapena mzati. Kudzuka popanda chogwira kumafuna mphamvu ndi kuzolowera, ndipo kumabwera pambuyo pake.

Kuyamba kudumpha

Gawo loyamba ndi kuidziwa sipuling'i. Wophunzira agwire chitsulo chopingasa kapena manja a mthandizi, ndipo azikankha pansi ndi miyendo yonse iwiri nthawi imodzi popanda kunyamuka, mpaka amve sipuling'i ikupindika ndi kubwerera. Mphamvu idutse pa chidendene. Kukankha ndi zala, monga amachitira munthu podumpha ndi mapazi ake, sikuthandiza chifukwa kakolo ndi womangidwa.

Gawo lachiwiri ndi kudumpha kuchokera pa mwendo wina kupita pa unzake, ngati munthu wothamanga pamalo amodzi. Pamenepa sipuling'i imodzi imalandira kulemera kwa thupi lonse, motero imapindika mosavuta ndipo wophunzira amamva msanga nthawi yomwe imabweza mphamvu.

Gawo lachitatu ndi kudumpha ndi miyendo iwiri masentimita 10 kapena 20 okha. Ziboda zonse ziwiri zitere nthawi imodzi, pansi penipeni pa chiuno. Mawondo akhale owongoka pafupifupi, osakhwimitsidwa mpaka kumapeto komanso osapindika kwambiri. Msana uwongoke, mimba ilimbe, ndipo manja azikwera pamene thupi likukwera. Wodumpha amakankha pansi pamene sipuling'i ikupindika, ndipo imamunyamula yokha ikamaongoka. Poyamba adumphe katatu kapena kasanu n'kuima.

Gawo lachinayi ndi kudziwa kuleka. Apa m'pamene kupinda mawondo kumathandiza: munthu akafuna kuima amapinda mawondo potera kuti ntchafu zimeze mphamvuyo, kenaka n'kubwerera ku kupondaponda. Wophunzira amene akudziwa kuti angathe kuleka nthawi iliyonse sachita mantha kuwonjezera msinkhu.

Msinkhu uwonjezedwe pang'onopang'ono. Munthu wodumpha masentimita 20 amakhala m'malere masekondi 0.4 ndipo amatera pa liwiro la makilomita 7 pa ola. Wodumpha mita 1 amakhala m'malere masekondi 0.9 ndipo amatera pa liwiro la makilomita 16 pa ola. Thupi likanyamuka litapendekeka pang'ono, kupendekekako kumakula nthawi yonse yomwe lili m'malere, ndipo sipuling'i imamuponyera munthu komwe wapendekekerako. Akuluakulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Zodzigudubuza m'malere zimafuna mphunzitsi wodziwa ndi matiresi ochindikala, ndipo si za oyamba kumene.

Kusamala zipangizo

Asanavale, mwini wake aone ngati mabawuti ndi manati onse ali olimba, malamba sadang'ambike ndipo labala wa kuchiboda sadaperepeseke mpaka chitsulo kuonekera. Labalayo amatha msanga pa phula ndi pa simenti, koma amasinthidwa. Sipuling'i ya fibreglass imafooka ikakandika kwambiri, n'chifukwa chake ambiri amaikulunga ndi tepi kapena chubu chakale cha njinga. Sipuling'i yomwe yayamba mng'alu kapena kutuluka ulusi ichotsedwe, chifukwa ikhoza kuthyoka munthu ali pakati podumpha.

Udindo wa oyang'anira

Akuluakulu a sukulu, mabungwe a achinyamata ndi okonza zionetsero amene angalole masewerowa pamalo awo ayenera kuonetsetsa kuti wophunzira aliyense ali ndi mthandizi wake, wavala zodzitetezera zonse, ndipo wapatsidwa sipuling'i yolingana ndi kulemera kwake. Oonerera, makamaka ana, aime patali, poti munthu wovala miyendoyi akagwa amatenga malo aakulu ndipo zitsulo zake zikhoza kuvulaza amene ali pafupi.

Bokosi la chithandizo choyamba likhale pomwepo. Munthu amene wamenyetsa mutu pansi asiye masewero tsiku limenelo ngakhale akuoneka bwino. Ngati wakomoka, akusanza, wasokonezeka maganizo kapena mutu ukupitirira kumupweteka, atengeredwe kuchipatala msanga. Amene akumva ululu waukulu m'khosi kapena mumsana asanyamulidwe mwachisawawa mpaka atafika odziwa za chithandizo choyamba.