Kuchokera pa malimidwe kufika pa digiri ya zachilengedwe

M'zaka za m'ma 1950, boma la atsamunda linkakakamiza alimi a ku Nyasaland kuunda mizere yopingasa ndi kukumba milambala kuti nthaka isakokoloke. Wokana ankalipitsidwa chindapusa, ena ankatsekeredwa m'ndende. Malamulo amenewa, omwe anthu ankawatcha malimidwe, anadedwa kwambiri moti omenyera ufulu ankawadzudzula pamisonkhano yawo. Kunkhalango nako kunali chimodzimodzi. Phiri la Mulanje litakhala nkhalango yotetezedwa mu 1927, mapulani ankalemba ndi azungu, pomwe mwana wa m'dziko muno ntchito yake inali kulondera ndi kugwira odula mitengo.

Ufulu utabwera, Yunivesite ya Malawi inatsegulidwa mu 1965, ndipo posakhalitsa koleji ya Bunda inakhala nthambi yake. Koma maso a Bunda anali pa chimanga, fodya ndi ziweto, poti dziko linkafuna chakudya ndi ndalama. Za nkhalango ankaphunzitsa ku Dedza, za usodzi ku Mpwepwe m'boma la Mangochi, ndipo ena ofuna kuzama pa zanyama zakutchire ankatumizidwa ku Mweka, ku Tanzania, koleji yomwe inayamba mu 1963. M'ma 1980 kunabwera Natural Resources College ku Likuni, yomwe inasula alangizi ambiri. Makoleji a ku Dedza, Mpwepwe ndi Likuni ankapereka masatifiketi ndi madipuloma. Wofuna digiri ya zankhalango ankayenera kupita kunja.

Zinthu zinatembenuka m'ma 1990. Pambuyo pa msonkhano wa zachilengedwe wa ku Rio de Janeiro mu 1992, Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo losamalira chilengedwe mu 1996, kenako la nkhalango ndi la usodzi mu 1997. Malamulowa anapereka mpata woti mafumu ndi makomiti a m'midzi ndi m'magombe aziyang'anira nawo mitengo ndi nsomba. Apa mlonda wa ndodo sanalinso wokwanira. Pankafunika munthu wodziwa sayansi, komanso wotha kukhala pabwalo la mfumu n'kumva zomwe eni malo akunena.

Mayunivesite anayankha. Yunivesite ya Mzuzu, yomwe inalandira ophunzira oyamba mu 1999, inatsegula maphunziro a zankhalango ndi zausodzi. Mu 2012 Bunda inachoka pansi pa Yunivesite ya Malawi n'kukhala yunivesite ya LUANAR, ndipo mu 2014 koleji ya ku Likuni inalowa m'banja lomwelo.

Wophunzira wa masiku ano amatha zaka zinayi, ndipo sizithera m'kalasi mokha. Amalowa m'thengo ndi tepi, kuyeza thunthu la mtengo wa tsamba pa msinkhu wa chifuwa, kulemba kukula kwake m'kope, kenako kuwerengera kuchuluka kwa mitengo pa hekitala. Amatapa dothi m'timapepala kukaliyeza kulabu. Pa kompyuta amayerekeza zithunzi za satelayiti kuti aone m'mene phiri lametekera. Akapita kunyanja amayeza maso a ukonde, n'kufunsa asodzi chifukwa chake chambo chikusowa. Amamvanso za chilumba cha Mbenji ku Salima, komwe a Mfumu Makanjira ndi anthu awo akhala akutseka usodzi chaka ndi chaka kuti nsomba ziswane, mwambo womwe unayamba kale digiri isanaganizidwe n'komwe.

Komabe matumba a makala akulowabe m'mizinda usana ndi usiku, nkhalango ya Chikangawa inaperepeseka, ndipo namondwe Freddy wa mu 2023 anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'mapiri kukwirira nyumba ku Blantyre, Mulanje ndi Phalombe. Nzeru zilipo, anyamata ndi atsikana ophunzira alipo. Boma, makhonsolo ndi mabungwe awalembe ntchito ndi kuwatumiza kumapiri, kumadambo ndi kumagombe kumene anaphunzirira kutumikira. Ndipo inu makolo, mwana akasankha maphunziro amenewa mulimbikitseni, chifukwa dziko likumufuna.