Gogodela, mfuti ya mlenje wosauka

Masiku ano tikamva za mfuti timaganiza za AKM ya pa nkhondo ija. Koma makolo athu a ku Itepela, Mandimba mpaka Cuamba anali ndi yawo yakale, gogodela. Dzinalo likuzinena lokha: mlenje ankathira onga kukamwa kwa mfuti, n'kuikapo kansanza ndi cipolopolo, n'kugogoda ndi ndodo mpaka zitakhazikika. Akawombera kamodzi, ayambirenso. Njati ikavulala osagwa, ndiye kuti mlenje adalire miyendo yake ndi mtengo wapafupi.

Mfutizi zinkabwera ndi maulendo a Ayao opita kugombe, ku Kilwa, Ibo ndi Quelimane. Popita ankasenza minyanga ya njovu, ndipo tisabise, ankatenganso anthu okagulitsa. Pobwera ankabwera ndi nsalu, mikanda, onga ndi mfuti, zambiri zosulidwa ku Birmingham ndi Liège. Mafumu monga Mataka ndi Makanjila anakula ndi malonda amenewa. Mu 1890 anthu a Mataka anapha msilikali wa Cipwitikizi, Valadim, ndipo Apwitikizi anadikira mpaka 1912 kuti alande Mwembe.

Nanga mlenje wamba ankaikonderanji mfuti yocedwa conci? Inali yotsika mtengo, komanso imodzi yomweyo inkagwira nchito zonse. Mkati mwa mpope wake munali mosalala, motero inkalandira ciliconse. Ukafuna nkhanga, uthiremo tizitsulo ting'onoting'ono. Ukafuna nguluwe yoononga cinangwa kapena njovu, uikemo cipolopolo cimodzi colemera ndi onga wambiri. Munthu wa khasu sakanatha kugula mfuti ziwiri.

Lamulo nalo linathandiza, mosafuna. Pangano la ku Brussels la 1890 linatsekereza Aafrika a mbali zino mfuti zamakono zothirira kumbuyo, koma linasiya khomo la mfuti zakale za mwala ndi onga wamba. Azungu anasunga zabwino, ife n'kutisiyira zomwe asilikali awo anali atazitaya kale.

Apa ndi pamene ine ndimawavulira cipewa amisiri osula. Mfuti zamalondazi zinali zosalimba, ndipo kacitsulo kokoka ndi cala kankauma. Ukakakoka mwamphamvu mfuti imagwedezeka, cipolopolo n'kuphonya. Wosula makasu yemweyo ndiye ankamasula, n'kupala pang'ono pamene zitsulo zimakolana, n'kupaka mafuta, kuti cala cikangokhudza ilire. Inali nchito ya diso ndi kuleza mtima, cifukwa akapala mopitiriza mfuti inkatha kulira yokha ili paphewa. Thako la mtengo likasweka ankasema lina. Cimene sakanacikonza ndi mpope wophulika ndi onga woculuka, ndipo alenje ena anatsala ndi zala zosakwana.

Nkhondo itatha ndi pangano la ku Roma pa 4 Okutobala 1992, mfuti zamakono zinatsala m'midzi ndi m'mauna. Mu 1995 Conselho Cristão de Moçambique, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, inayamba kusinthanitsa mfuti ndi makasu, njinga ndi makina osokera. Lamulo la zacilengedwe la 2014 linaika cilango ca ndende kwa wopha nyama zotetezedwa, ndipo kusunga mfuti popanda cilolezo, ngakhale gogodela ya agogo yobisika kudenga, ndi mlandu.