Magemu a pa foni, tulo ndi maganizo: pomwe masewera amasanduka vuto

Madzulo aliwonse pa Chitipa boma, kapena pa misika ya ku Nthalire, Kameme ndi Misuku, simungalephere kuona anyamata ataweramira foni imodzi, wina akusewera mpira wa pa sikirini, anzake akuchemerera. Palibe cholakwika pamenepo. Anthu ambiri amene amasewera magemu monga eFootball, PUBG Mobile, Free Fire kapena Candy Crush sadwala nawo, ndipo makolo athu nawonso ankatha kuswera pa bawo tsiku lonse. Koma bawo limatha kukada, pamene foni imalowa ndi mwini wake m'bulangete. Ngati mukufuna kudziwa ngati magemu ayamba kumupweteka mwana wanu, kapena inu nomwe, yambani kuyang'ana momwe akugonera.

Kodi ndi matenda enieni?

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linaika vuto la kumwerekera ndi magemu pa mndandanda wake wa matenda wotchedwa ICD-11. Mayiko anauvomereza mu May 2019, ndipo unayamba kugwira ntchito pa 1 January 2022. Bungweli silinanene kuti munthu akasewera maola akutiakuti ndiye kuti wadwala. Linatchula zizindikiro zitatu: munthu akulephera kudziletsa pa nthawi yoyamba ndi yosiya gemu, gemu yakhala patsogolo pa sukulu, ntchito, chakudya ndi abale, ndipo akupitirizabe ngakhale akuona yekha kuti zinthu zikuwonongeka. Kawirikawiri izi ziyenera kuoneka kwa miyezi 12 kuti a zaumoyo anene kuti ndi matenda, ngakhale nthawiyo ikhoza kuchepa zinthu zikafika poipa kwambiri.

Ofufuza akaphatikiza zimene apeza m'mayiko osiyanasiyana, amaona kuti amene amafika pamenepa ndi ochepa, pafupifupi anthu 2 kapena 3 pa anthu 100 alionse, ndipo ambiri ndi anyamata. Choncho mwana amene wasewera Loweruka lonse atamaliza mayeso sali wodwala. Wodetsa nkhawa ndi uja wasiya kupita kudimba, wasiya mpira wa pa bwalo umene ankaukonda, akunama za ndalama ya bandulo, ndipo akalandidwa foni amakwiya ngati wamulanda mpweya.

Chimene chimachitika usiku

Akatswiri a za tulo amati mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12, wachinyamata wa zaka 13 mpaka 18 maola 8 mpaka 10, ndipo wamkulu maola osachepera 7. Tsopano werengani nokha. Wophunzira wa ku sekondale yoyendera amene amadzuka 5 koloko kuti atunge madzi ndi kuyenda mtunda wopita kusukulu, ayenera kukhala atagona pofika 9 koloko usiku. Akasewera mpaka 1 koloko, watsala ndi maola 4 okha.

Gemu imaba tulo m'njira zingapo. Yoyamba ndi yodziwikiratu: nthawi yogona yathera pa sikirini. Yachiwiri ndi kuwala. Kukada, ubongo umatulutsa michere yotchedwa melatonin imene imauza thupi kuti nthawi yogona yakwana, ndipo kuwala kwa foni yoyandikira kumaso kumatha kuchedwetsa michereyi. Koma njira yamphamvu kuposa zonsezi ndi momwe gemu imadzutsira thupi. Munthu amene akuthamangitsidwa ndi adani pa Free Fire, kapena wagoletsedwa chigoli mphindi yomaliza, mtima wake umagunda kwambiri ngati zikuchitikadi. Akazimitsa foni, thupi silizima nthawi yomweyo. Amangotembenuka pa mphasa, mutu ukubwereza masewera aja.

Dziwaninso kuti magemu ambiri anapangidwa dala kuti asakhale ndi mathero. Ukapambana, akukupatsa gawo lina. Ukagonja, akukuuza kuti unatsala pang'ono. Ena amapereka mphatso kwa amene walowa tsiku lililonse, moti kudumpha tsiku kumaoneka ngati kutaya chuma. Ubongo umakonda kwambiri mphotho yosadziwika nthawi yobwera, ndipo michere ya dopamine imathandizira kuti munthu azibwererabe. Mwana akanena kuti “katsala kamodzi kokha”, nthawi zambiri sakunama. Iye akukhulupiriradi choncho.

Kuno kwathu palinso zina zokokera masewera ku usiku. Masana foni imakhala kotchajitsa kapena pa sola, nthawi zina imakhala ndi bambo kumsika. Mabandulo a usiku amatsika mtengo. M'miyezi yozizira ya June ndi July, pamene mphepo ya ku Chitipa imathamangitsira aliyense m'nyumba msanga, kholo limaganiza kuti mwana wagona kalekale, kumachita kuti wafunda kumutu ndi foni.

Tulo ndi maganizo zimakokana

Munthu amene sanagone mokwanira amapsa mtima msanga, amaiwalaiwala, ndipo zimamuvuta kumvetsera. Ubongo umasunga bwino zimene waphunzira masana pa nthawi ya tulo, kotero wophunzira wa Fomu 4 amene akukonzekera MSCE koma akugona maola 4 amataya kawiri: amasinza m'kalasi, ndipo zochepa zimene wamva sizikhazikika. Kusowa tulo kukapitirira kwa miyezi, mpata wodwala matenda a nkhawa ndi okhumudwa umakula. Zimenezi n'zodziwika bwino pa zaumoyo.

Ubale wake suyenda mbali imodzi. Pali achinyamata amene magemu anawawonongera tulo, kenako maganizo n'kusokonekera. Palinso ena amene anayamba ndi chisoni: sukulu fizi yasowa, makolo akukangana, anzawo akuwanyoza, kapena anamaliza sukulu koma ntchito kulibe. Kwa otere gemu ndi pobisalira, malo okhawo amene amapambanako. Akasewera usiku wonse amadzuka ofooka, tsiku limawaipira, ndipo madzulo amathawiranso ku gemu komweko. Ana amene mwachibadwa amavutika kukhazikika ndi kumvetsera nawonso amakodwa msanga. N'chifukwa chake kulanda foni kokha, osafunsa chimene mwana akuthawa, kawirikawiri kumangosamutsa vutolo. Amakabwereka ya mnzake.

Tisasokoneze magemu ndi juga, ngakhale masiku ano zimakhala pa foni imodzi. Masewera monga Aviator amaoneka ngati gemu, koma munthu amaikapo ndalama yeniyeni, ndipo WHO imawerengera kumwerekera ndi juga ngati vuto lapalokha. Malamulo a dziko lino salola mwana wosakwana zaka 18 kutchova juga. Mukaona kuti kusagona kukuyendera limodzi ndi ngongole kapena kusowa kwa ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, musadikire miyezi 12 ija.

Mayiko ena anayesapo kuthetsa nkhaniyi ndi lamulo. Mu 2011 dziko la South Korea linaletsa ana osakwana zaka 16 kusewera magemu a pa intaneti kuyambira 12 koloko usiku mpaka 6 koloko m'mawa, koma linachotsa lamuloli patatha zaka pafupifupi 10, pamene ana ambiri anali atasamukira ku magemu a pa foni amene lamulolo silinkawakhudza. China mu 2021 inalamula kuti osakwana zaka 18 azisewera ola limodzi lokha, 8 mpaka 9 koloko madzulo, Lachisanu, Loweruka, Lamlungu ndi masiku a tchuthi. Onani kuti a ku South Korea anayang'ana usiku. Pamenepo anaona bwino, ngakhale lamulo lawo linagonja.

Mungachite chiyani pakhomo?

Yambani ndi tulo, chifukwa ndi pamene pamasintha msanga. Gwirizanani kuti foni izimitsidwe ola limodzi nthawi yogona isanakwane, ndipo igone pabalaza, osati kuchipinda. Lamuloli likhudze aliyense. Bambo amene akuyankha mauthenga a pa WhatsApp mpaka pakati pa usiku sangauze mwana kuti agone. Nthawi yodzuka ikhale imodzimodzi ngakhale Loweruka, ndipo kuwala kwa dzuwa la m'mawa kumathandiza thupi kubwerera pa nthawi yake. Tiyi wamphamvu, khofi ndi zakumwa zopatsa mphamvu zisamwedwe madzulo. Khofi wa ku Misuku ndi wabwino, koma ndi wa m'mawa.

Masiku oyamba adzakhala ovuta. Mwana akhoza kukwiya, kusowa mtendere, ngakhale kulephera kugona kumene. Nthawi zambiri zimenezi zimachepa pang'onopang'ono. Musamutchule kuti ndi waulesi kapena wopenga pamaso pa anzake. Mufunseni gemu imene amasewera, amasewera ndi ndani, ndi chimene chimamusangalatsa. Mudzamva zambiri za moyo wake kuposa momwe mumayembekezera. Mpata umene gemu yasiya udzazidwe ndi china chenicheni, kaya mpira, kwaya, kapena kageni kakang'ono.

Pitani kuchipatala ngati kusowa tulo kwapitirira milungu ingapo, ngati munthu wasiya sukulu kapena ntchito, sakudya, akudzipatula, kapena wakhala wachisoni kwa milungu iwiri kapena kuposa. Yambirani pa chipatala chaching'ono cha kwanu kapena pa chipatala cha boma cha Chitipa, ndipo funsani wa zaumoyo woona za matenda a maganizo. Amene akufunika chithandizo chapadera amatha kutumizidwa ku St John of God ku Mzuzu, komwe kuli uphungu ndi chithandizo cha matenda a maganizo komanso cha zizolowezi zovuta kusiya. Musagule nokha mapiritsi ogonetsa, pakuti ena mwa iwo amayambitsa chizolowezi china. Ana ndi achinyamata akhoza kuimba ulere pa nambala ya 116 kuti alankhule ndi mlangizi. Munthu akayamba kunena zoti moyo wamukwana kapena zofuna kudzipha, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo.