Malamulo Oyendetsera Zimbabwe ndi Unzika wa Ana a Machona

Malamulo oyamba oyendetsera dziko la Zimbabwe analembedwa ku Lancaster House mu mzinda wa London, pa zokambirana zothetsa nkhondo zomwe mgwirizano wake unasainidwa pa 21 Disembala 1979. Anayamba kugwira ntchito pa 18 Epulo 1980, popanda kufunsa maganizo a anthu wamba. Mwa zina, ankalola munthu kukhala nzika ya maiko awiri. Mfundo imeneyi inkakhudza kwambiri madera ngati Ingezi ku Kadoma ndi tawuni ya Chegutu, kumene amuna ochokera ku Nyasaland anabwera kudzagwira ntchito mu mgodi wa Cam and Motor, m'mafamu ndi m'mafakitale a nsalu a David Whitehead. Ambiri anachona, nakwatira ndi kubereka ana komweko.

Mwayiwo sunakhalitse. Mu 1983 nyumba ya malamulo inachotsa ndime ya unzika wa maiko awiri, ndipo lamulo la unzika la 1984 linati aliyense asankhe dziko limodzi. Mu 1987 mipando 20 ya azungu m'nyumba ya malamulo inathetsedwa, ndipo panakhazikitsidwanso udindo wa pulezidenti wamphamvu zonse, womwe Robert Mugabe anatenga. Pofika 2009 malamulo a Lancaster anali atasinthidwa ka 19.

Chovuta chenicheni chinadza pambuyo pa riferendamu ya mu Febuluwale 2000, pamene anthu anakana malamulo atsopano omwe inakonza komiti ya Godfrey Chidyausiku. Chipani cholamula chinkakayikira kuti antchito a m'mafamu ndi m'migodi ali mbali ya otsutsa. Mu 2001 lamulo la unzika linakhwimitsidwa: munthu anapatsidwa miyezi isanu ndi umodzi kuti akane unzika wakunja motsata malamulo a dziko linalo. Mlembi wamkulu wa kalembera, Tobaiwa Mudede, anatanthauzira lamulolo kuti likukhudza ngakhale amene makolo ake okha ndiwo anabadwira kunja. Motero mwana wobadwira ku Ingezi, wolankhula Chishona ndi anzake ndi Chinyanja ndi agogo ake, yemwe Blantyre amangoimva m'nkhani za madzulo, anauzidwa kuti akane dziko lomwe silinamulembepo m'kaundula. Pa chitupa chake panali mawu oti ndi mlendo, ndipo pa chisankho cha Malichi 2002 ambiri otere sanavote. Uku kunali kulanda munthu kwawo ali pakhomo pake. Kusintha kwa 2003 kunafewetsako zinthu kwa ana a antchito ochokera m'maiko a SADC, koma njira yake inali ya mafomu ndi mizere, ndipo ambiri analibe ngakhale kalata yakubadwa.

Mgwirizano wa zipani wa pa 15 Sepitembala 2008 unalamula kuti palembedwe malamulo atsopano. Komiti ya aphungu ya COPAC, motsogozedwa ndi Paul Mangwana, Douglas Mwonzora ndi Edward Mkhosi, inazungulira dziko mu 2010 kumva maganizo a anthu. Ntchitoyo inachedwa ndi mikangano, ndipo mfundo zovuta zinakathera m'manja mwa atsogoleri a zipani. Pa riferendamu ya pa 16 Malichi 2013 mavoti oposa 3 miliyoni anavomereza, ndipo Mugabe anasainira malamulowo pa 22 Meyi.

Ndime 43 ya malamulo amenewa ikuti munthu wobadwira mu Zimbabwe tsikulo lisanafike, yemwe kholo lake linali nzika ya dziko la mu SADC, ndipo iye ankakhala mu Zimbabwe pa tsikulo, ndi nzika mwa kubadwa. Ndime 6 inaika Chichewa pa zilankhulo 16 zovomerezeka ndi boma. Komabe lamulo la papepala silisintha chitupa cha m'thumba. Munthu ayenera kupita yekha ku ofesi ya kalembera ndi umboni wa kubadwa kwake, ndipo amene makolo awo anamwalira opanda zikalata akuvutikabe.

Malamulo a 2013 nawonso akhala akusinthidwa. Mu 2017 pulezidenti anapatsidwa mphamvu yosankha yekha mkulu wa oweruza. Mu 2021 nyumba ya malamulo inachotsa ndime yoti wachiwiri kwa pulezidenti azisankhidwa limodzi naye pa voti, inawonjezera nthawi ya mipando yapadera ya amayi, ndipo inalola oweruza a makhoti akuluakulu kugwira ntchito mpaka zaka 75. Kusintha kuwiri konseku sikunakhudze ndime za unzika.