Kuseka Jaji Kudali Kuputa Chingwe

Angerezi ali ndi buku loseketsa lotchedwa Old Filth, lomwe mayi Jane Gardam adatulutsa mu 2004. Limasimba za Edward Feathers, jaji wa ku Hong Kong, ndi ukwati wake ndi Betty. Dzina lomunyodola nalo limatanthauza kuti wolephera ku London akayese mwayi ku Hong Kong. Tsono ine funso langa nali: bwanji alembi athu a nthawi ya Kamuzu sadamuseke jaji chotere, chikhalirecho zoseketsa zidali mbwee?

Taonani, abale. Mu 1969 boma lidapatsa makhoti a mafumu mphamvu zozenga milandu yakupha, majaji achizungu a ku High Court nkutula pansi udindo. M'makhoti amenewa woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Mu 1983 khoti lotere lidaweruza a Orton Chirwa, nduna yoyamba ya zachilungamo, pamodzi ndi akazi awo a Vera, loya woyamba wachizimayi m'dziko muno. Maloya awiri kumanidwa loya! Likadakhala sewero, bwenzi anthu atathyoka nthiti, koma chigamulo chake chidali chingwe.

Chilangocho chidasinthidwa kukhala ndende moyo wonse. Mwamuna ndi mkazi adatha zaka 8 osaonana. A Orton adafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992, a Vera nkutuluka mu Januwale 1993 ali amasiye. Ukwati wotere ungauseke bwanji? Nanga ukadayesa, ukadasindikiza kuti? Lamulo lounika mabuku la mu 1968 lidali chilili pakhomo, ndipo mlakatuli Jack Mapanje adakhala ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991 osaonekera m'khoti lililonse.

Mantha amenewa adayamba kusweka ku Balaka, komwe nthawiyo kudali m'boma la Machinga. Kumeneko makina a ansembe a Montfort adasindikiza kalata ya maepiskopi yomwe idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992, yodandaula, mwa zina, za anthu otsekeredwa popanda kuzengedwa mlandu. Sipadapite masiku ambiri, nyumba ya makinayo idayatsidwa moto. Koma kalata idali itamveka kale. Mu 1993 makhoti a mafumu aja adaimitsidwa, ndipo mu 1994 a Bakili Muluzi a ku Machinga komweko, omwe paunyamata adagwirapo ukalaliki wa kukhoti, adalowa upulezidenti.

Pa 3 Febuluwale 2020 majaji 5 adafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019. Jaji wofika pamenepo sangagwe ndi nthabwala, ndipo woseka sapitanso ku Mikuyu.

Choncho alembi anzanga, chowiringula chatha. Tilembereni m'Chichewa za jaji wa pa Liwonde amene m'mawa amathetsa maukwati a eni ake, madzulo nkukapezeka atakhala pamphasa kwa apongozi, ankhoswe akumuweruza iyeyo. Ameneyo tidzamuseka, komanso tidzamumvera chisoni, poti naye ndi munthu.