Njovu za Hannibal ndi nkhondo ya pa kompyuta

Mwana wa mlongo wanga anabwera kudzakhala nafe pa tchuthi, ndipo sabata yonse yoyamba ine ndinkangomva mfuu ya asilikali ndi kulira kwa malipenga kuchokera m'chipinda chake. Tsiku lina nditatopa nalo phokosolo ndinakankha chitseko kuti ndikamudzudzule. Ndinamupeza maso ali tong'o pa kompyuta, njovu zikupondaponda anthu ngati mapesi.

"Amalume, takhalani pansi muone. Ine ndine Hannibal, awa akuthawawa ndi Aroma," anatero.

Ndinakhaladi pansi, ndipo kunena zoona tinadzuka pamenepo tambala woyamba atalira.

Masewerowa dzina lake ndi Rome: Total War. Anawapanga a kampani ya Creative Assembly ya ku England ndipo anatuluka m'chaka cha 2004. Nkhani yake imayamba mu 270 BC, ndiye kuti Yesu asanabadwe, nkukathera mu 14 AD. Pamakhala mapu a maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean pamene wosewera amamanga mizinda, kutolera msonkho ndi kulemba asilikali. Adani akakumana mapu aja amachoka, nkubwera bwalo la nkhondo. Gulu limodzi lankhondo silipitirira timagulu 20, kotero mutu umazungulira pa funso limodzi: m'malo 20 amenewa muikamo ndani?

Yankho la mnyamata uja linali lachidule. Njovu, njovu, kenaka njovu zina, malo otsalawo nkuikamo apakavalo. Nkhondo iliyonse ankapambana. Koma patsiku lachitatu ndinamupeza nkhope ili khuma. Mosungira chuma munali mutauma chifukwa asilikali amalandira malipiro nyengo iliyonse, ndipo njovu ndiye zimadya ndalama zosasimbika. Mizinda iwiri inali itagalukira, zombo za Aroma zili pa gombe la Carthage.

"Koma amalume, sindinagonjepo ngakhale kamodzi," anadandaula.

Apa mpamene ndinatsitsa mabuku a Polybius ndi Livy amene anatuwa ndi fumbi pa shelefu, chifukwa dandaulo limeneli Hannibal weniweni akanalimva msanga.

Carthage unali mzinda wamalonda kumpoto kwa Africa, pafupi ndi pamene pali Tunis lero. Nzika zake sizinali zambiri m'magulu ankhondo. Unkadalira anthu a mitundu imene unkailamulira, ogwirizana nawo, ndi asilikali aganyu. Kuipa kwa njira imeneyi kunaoneka mu 241 BC pamene aganyu osalipidwa anaukira mzindawo, nkhondo yake nkutenga zaka zoposa zitatu. Amene anawagonjetsa ndi Hamilcar Barca, bambo ake a Hannibal.

Mu 218 BC Hannibal ananyamuka ku New Carthage, ku Spain, kulowera ku Italy podzera m'mapiri a Alps. Polybius akuti powoloka mtsinje wa Rhône anali ndi njovu 37, ndipo potsika mapiriwo anatsala ndi asilikali oyenda pansi 12,000 a ku Africa, 8,000 a ku Spain, ndi apakavalo 6,000. Njovuzo zinamenya nawo nkhondo ya pa mtsinje wa Trebia mu December chaka chomwecho, koma chisanu chinazimaliza mpaka inatsala imodzi yokha. Ndiyo imene Hannibal anakwera podutsa m'madambo a mtsinje wa Arno, kumene diso lake limodzi linafera ndi matenda. Pa nyanja ya Trasimene mu 217 BC, nkhondo imene ilimo m'masewerowa, anapha Aroma pafupifupi 15,000 powalalira m'mawa kuli nkhungu. Ku Cannae, kumene dzina lake linamvekera dziko lonse, kunalibe njovu ndi imodzi yomwe.

Nanga anapambana ndi chiyani? Anali ndi anthu osiyana zilankhulo ndi zida, ndipo aliyense ankamupatsa ntchito yomuyenera. A ku Libya anali odekha, odziwa kuima pa mzere. A ku Spain ndi a ku Gaul anali a malupanga. A ku zilumba za Balearic ankaponya miyala ndi gulaye. A ku Numidia, kumene lero kuli Algeria, ankakwera akavalo opanda chishalo, kuponya nthungo nkuthawa, nkubweranso.

Pa 2 August 216 BC Aroma anabwera ku Cannae ndi oyenda pansi pafupifupi 80,000 ndi apakavalo 6,000, motsogozedwa ndi Paullus ndi Varro. Hannibal anali ndi oyenda pansi 40,000 ndi apakavalo 10,000. Taonani bwino manambalawo, awerengi. Pa oyenda pansi anachepa ndi theka, koma pa akavalo anaposa. Pakati anaika a ku Gaul ndi a ku Spain, mzere wawo utakhota ngati uta kuloza kwa adani. A ku Libya anawaika m'mbali zonse ziwiri. Aroma atakankha, pakati paja panayamba kubwerera m'mbuyo pang'onopang'ono, iwo nkumalowerabe poganiza kuti zatheka. Kenaka a ku Libya anatembenuka nkuwapana uku ndi uku. Nthawi imeneyo apakavalo a Hasdrubal anali atabalalitsa kale apakavalo a Aroma, ndipo anabwerera kudzatseka kumbuyo. Livy akuti Aroma ndi anzawo oposa 48,000 anafa tsiku limenelo. Polybius akuti 70,000. Paullus anafera pomwepo.

Tinayesa njira imeneyi pa kompyuta, ndipo imagwiradi. Masewerowa amawerengera mantha: kagulu kakamenyedwa kumbuyo kapena mtsogoleri akafa, asilikali amataya mtima nkuliyatsa liwiro. Mnyamata uja anaomba m'manja. Ine ndinamuuza kuti adikire kaye, pakuti kuthamanga sikufika.

Hannibal sanapite kukazinga mzinda wa Rome, umene unali pa mtunda wa makilomita pafupifupi 400 ndiponso wotchingidwa ndi linga. Cholinga chake chinali kuphwasula mgwirizano wa Rome ndi mizinda ya mu Italy, kumene kunkachokera theka kapena kuposerapo la asilikali a Aroma. Nchifukwa chake ankamasula akaidi a m'mizinda imeneyi popanda dipo. Capua inamutsatira mu 216 BC, Tarentum inagwa m'manja mwake mu 212 BC. Koma mizinda ya pakati pa Italy inakakamira kwa Aroma.

Nawo Aroma anachita zimene buku la nkhondo la nthawiyo silinkayembekeza. Anakana kukambirana za mtendere, anakana kuombola akaidi awo, ndipo anagula akapolo 8,000 nkuwapatsa zida. Anabwereranso ku nzeru ya Fabius Maximus, amene poyamba ankamunyoza kuti ndi wamantha: osakumana ndi Hannibal pa bwalo, kungomutsatira, kumumana chakudya, ndi kulanga mizinda imene yamutsatira iye akapita kwina. Mzinda uliwonse wogalukira unasanduka katundu pamutu pa Hannibal popeza ankayenera kuuteteza. Capua inabwerera kwa Aroma mu 211 BC, Tarentum mu 209 BC.

Pamenepa masewero aja ananena zoona kuposa mmene ndinkaganizira. Kagulu kakaperewera anthu, sungakadzazenso pokhapokha utafika mu mzinda umene uli ndi nyumba yophunzitsira asilikali a mtundu umenewo. Msilikali wa ku Libya akafa ku Italy, womulowa m'malo anali kutsidya la nyanja, ndipo nyanjayo inali m'manja mwa zombo za Aroma. Mng'ono wake wa Hannibal, Hasdrubal Barca, anayesa kubweretsa gulu lina kudzera ku Alps, koma anaphedwa pa mtsinje wa Metaurus mu 207 BC asanakumane ndi mkulu wake.

Mathero ake anali ku Zama mu 202 BC. Scipio anali atalanda kale Spain nkuwolokera ku Africa, ndipo Hannibal anaitanidwa kwawo. Ulendo uno njovu anali nazo 80, koma Masinissa, mfumu ya ku Numidia, anali mbali ya Aroma pamodzi ndi apakavalo ake. Scipio anasiya mipata pakati pa magulu ake, njovu zambiri nkungodutsamo, zina nkubwerera kukaponda eni ake. Apakavalo anadzatseka kumbuyo monga ku Cannae, koma tsopano wotsekeredwa anali Hannibal. Mtendere unasainidwa mu 201 BC, Carthage italandidwa zombo zankhondo ndi njovu zomwe.

Sindikuti masewerowa ndi buku la mbiri ayi. Asilikali a ku Egypt anawaveka ngati a m'nthawi ya afarao akalekale, pamene m'zaka zimenezi dzikolo linkalamulidwa ndi banja la Ptolemy, ndipo linkamenya nkhondo mwa Chigiriki ndi mikondo italiitali. Komanso tisaiwale kuti mbiri ya Hannibal tinailandira kwa adani ake. Livy anali Mroma, Polybius anali Mgiriki wokhala pakhomo pa banja la Scipio, ndipo mabuku a anthu amene anayenda ndi Hannibal anatayika. Mnyamata uja atamva zimenezi anafunsa chifukwa chake kusukulu sanamuuzepo kuti munthu amene anazunguza Rome zaka 15 anali wa kuno ku Africa. Funsolo ndinalibe nalo yankho labwino.

Usiku wotsiriza tchuthi chisanathe anayambiranso masewero. Ndinamuona akumanga madoko ndi misika, akulemba aganyu a gulaye ndi apakavalo a ku Numidia. Pa malo 20 aja, njovu anazipatsa amodzi.

"Nanga iwe, njovu zako zija?" ndinamufunsa.

"Zidikire kaye, amalume," anayankha osacheuka. "Ndiyambe ndaona ngati ndikwanitse kuzidyetsa."